Nambala ya veshoni pa pulogalamu ya mavidiyo: tiikweze liti, ndipo tiisunge pati?

Nabanda analemba kuti:

Akuluakulu, ndakupezani ndi nkhani imene yandiimitsa mutu kwa masabata awiri tsopano. Ndine mmodzi mwa anthu atatu amene timasamalira pulogalamu yaing'ono yochepetsa kukula kwa mavidiyo, imene khodi yake ili poyera kuti aliyense aione, aisinthe ndiponso aigawe. Tinaiyamba chifukwa cha kudula kwa data, kuti munthu amene wajambula ukwati kapena mapemphero a maola awiri athe kutumiza vidiyoyo popanda kumaliza bandulo yonse. Pulogalamuyi ili ndi mbali ziwiri: pali laibulale, ndiko kuti khodi imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito, yolembedwa m'chinenero cha C imene imadalira libavcodec ndi libavformat, malaibulale a FFmpeg, pulojekiti ya zida zokonzera mavidiyo ndi mawu, ndiye pali kachida ka pa terminal (zenera lolembapo malamulo) kamene kamagwiritsa ntchito laibulaleyo.

Mwezi watha ndinatulutsa veshoni 1.4.3 kuchokera pa 1.4.2. Ndinakonza vuto limodzi la mawu amene ankatsalira m'mbuyo chithunzi chikamayenda, ndipo pokonzapo ndinawonjezera malo amodzi mu struct ya zosankha za wogwiritsa ntchito, ndiko kuti gulu la manambala osungidwa motsatana mu memore. Malowo ndinawaika pakati, pafupi ndi anzake ofanana nawo, chifukwa ndi pamene ankaoneka kuti akhala bwino kwa munthu wowerenga khodi. Poti m'maganizo mwanga kunali kukonza chabe, ndinakweza nambala yomalizira yokha. Patapita masiku atatu, mnzathu wina amene analemba pulogalamu ya mabatani pamwamba pa laibulale yathu anatilembera kuti mavidiyo ake onse akutuluka opindika, nambala ya m'lifupi ikulowa pamalo pa nambala ya m'litali, ndipo nthawi zina pulogalamuyo ikungotsekeka yokha. Iye sanakhudze khodi yake ngakhale mzere umodzi. Makina ake anangolandira laibulale yatsopano yokhala ndi dzina lomwe lija. Zinandikhudza kwambiri chifukwa munthuyo anatikhulupirira.

Pofufuza nkhaniyi ndinapezanso vuto lachiwiri. Nambala yathu inalembedwa m'malo anayi: mu meson.build (fayilo youza chida cha Meson mmene chimangire pulogalamu kuchokera ku khodi), mu fayilo ya header (imene imaonetsa olemba mapulogalamu zimene laibulale imapereka), mu README, komanso m'mawu amene amatuluka munthu akalemba `--version`. Malo omalizawa mpaka lero akunena kuti 1.4.1. Komanso wina anatitumizira dandaulo ponena kuti akugwiritsa ntchito 1.4.2, ndipo ndinataya tsiku lathunthu ndikusaka vuto limene mu 1.4.2 mulibe, kenako ndinazindikira kuti iye anamanga pulogalamuyo kuchokera ku nthambi yathu yaikulu ya Git (chida chosungira mbiri ya khodi), imene inali itapita patsogolo ndi ma commit, ndiko kuti zosintha zosungidwa, khumi ndi asanu ndi awiri.

Chachitatu n'chokhudza FFmpeg yeniyeniyo. Mu FFmpeg 7.0 anachotsa njira yakale yofotokozera matchanelo a mawu, choncho tiyenera kusamukira ku njira yatsopano, koma anthu athu ambiri akadali pa Linux ya Ubuntu 22.04 imene imabwera ndi FFmpeg 4.4. Kodi tikasiya kugwirizana ndi 4.4, ndiye kuti tafika pa 2.0? Mnzanga mmodzi akuti tisiyiretu zowerengera zonsezi, tizingolemba chaka ndi mwezi. Ndikupempha amene munadutsamo kale kuti mutithandize nzeru.

A Phiri analemba kuti:

Mayi Nabanda, zimene zakuchitikiranizi zachitikira anthu ambiri amene amasamalira laibulale ya C, ndipo muzu wake ndi woti mukufuna nambala imodzi igwire ntchito ziwiri zosiyana. Pali nambala imene imalankhula kwa munthu, yomuuza kuti chimene watenga ndi chatsopano kuposa chimene anali nacho. Palinso nambala imene imalankhula kwa makina, youza pulogalamu imene inamangidwa kale ngati ingathe kugwira ntchito ndi laibulale imeneyi popanda kumangidwanso. Poti inu mumadalira FFmpeg, phunzirani kwa iwo omwewo, chifukwa anazilekanitsa ziwirizi kalekale.

Lembani `ffmpeg -version` pa makina anu ndipo muwerenge mizere yonse. Mzere woyamba ukuuzani nambala ya chinthu chonse, mwachitsanzo 6.1, koma m'munsi mwake mupeza kuti laibulale iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya zigawo zitatu. FFmpeg 4.0 ya mu 2018 inatuluka ndi libavcodec 58.18.100, ndipo FFmpeg 4.4 ya mu 2021 inatuluka ndi libavcodec 58.134.100. Pa zaka zitatu zimenezo nambala yapakati inakwera kuchoka pa 18 kufika pa 134, koma 58 sanasunthe, ndipo tanthauzo lake ndi loti pulogalamu imene inamangidwa ndi 4.0 inkayenera kuyendabe ndi laibulale ya 4.4. Pamene FFmpeg 5.0 inatuluka mu Januwale 2022, nambala yoyamba inakhala 59, mu 6.0 inakhala 60, ndipo mu 7.0 ya mu Epulo 2024 inakhala 61. Nambala yoyambayi ndi imene imalowa m'dzina la fayilo pa Linux, monga libavcodec.so.60, dzina limene amalitchula kuti soname. Pulogalamu ikamamangidwa imasunga dzina limeneli m'kati mwake, ndipo poyamba kugwira ntchito imafunafuna fayilo ya dzina lomwelo ndendende. Ikalephera kuipeza imakana kuyamba ndipo imanena chimene chasowa, zimene zili bwino kwambiri kusiyana ndi kuyamba n'kumawerenga m'litali pamalo pa m'lifupi. Ndi chifukwa chakenso ku Debian ndi ku Ubuntu phukusi limatchedwa libavcodec59 kapena libavcodec60, kuti mitundu iwiri ithe kukhala pa makina amodzi popanda kulimbana.

Malamulo awo okwezera nambalazi analembedwa m'buku la olemba khodi la pulojekitiyo. Kusintha kulikonse kumene kungaphwanye pulogalamu yomangidwa kale, monga kuchotsa fankishoni kapena kusintha dongosolo la struct, kumakweza nambala yoyamba. Kuwonjezera chinthu chatsopano popanda kukhudza zakale kumakweza yapakati. Yomalizira ndi ya kusintha kumene sikukhudza mgwirizanowu koma n'kofunika kuti kudziwike. Mwina mwadabwa kuti yomalizirayi imayambira pa 100 osati pa 0. Zimenezi zinachokera ku kugawanika kwa mu 2011, pamene ena mwa olemba khodi anachoka n'kuyambitsa Libav, imene malaibulale ake anali ndi mayina omwewo. FFmpeg inayamba kuwerengera pa 100 kuti pulogalamu izitha kuzindikira kuti yalumikizidwa ndi uti mwa awiriwo.

Tsopano tibwere pa struct yanuyo. Chimene munaphwanya si API, ndiko kuti mayina ndi mafankishoni amene wolemba khodi amawagwiritsa ntchito, chifukwa mnzanuyo akanamanganso pulogalamu yake zonse zikanayenda popanda kusintha khodi. Munaphwanya ABI, ndiko kuti mgwirizano wa mmene zinthu zandandalikidwira mu memore. Pulogalamu yomangidwa kale siidziwa mayina a malo a mu struct, imangodziwa kuti m'lifupi muli pa mtunda wa mabayiti akutiakuti kuchokera poyambira. Mutalowetsa chinthu pakati, zonse za m'munsi mwake zinasuntha. Ena amaganiza kuti kuwonjezera kumapeto ndiye kulibe vuto, koma zimenezo n'zoona pokhapokha ngati laibulale yanu ndi imene imapatula memore ya struct imeneyo. Ngati wogwiritsa ntchito amaipatula yekha molingana ndi kukula kwakale, laibulale yatsopano idzalemba kupyola malire a malo amene anapatulidwa. Ndi chifukwa chake FFmpeg imakakamiza kuti AVFrame izipangidwa ndi `av_frame_alloc()`, ndipo imanena poyera kuti kukula kwa struct imeneyo si mbali ya mgwirizano. Ndikukulangizani kuti inunso mupereke fankishoni yopangira struct yanuyo ndi ina yoimasulira, kapena muibise yonse kuti anthu aziifikira kudzera m'mafankishoni okha.

Chinthu china chimene ndimachilemekeza kwa iwo ndi mmene amachotsera zinthu zakale. Sachotsa modzidzimutsa. Fankishoni ya `avcodec_decode_video2` inalengezedwa kuti yatha ntchito mu FFmpeg 3.1 m'chaka cha 2016, pamene anabweretsa `avcodec_send_packet` ndi `avcodec_receive_frame`, koma inachotsedwa mu 5.0 m'chaka cha 2022, patapita zaka zoposa zisanu. Pa nthawi yonseyo khodi yakale inali yokutidwa ndi chizindikiro choyamba ndi FF_API, chimene chimazimitsa khodiyo nambala yoyamba ikangofika pamene anakonza, ndipo womanga pulogalamu ankalandira chenjezo nthawi iliyonse. Kusintha kulikonse kwa API amakulemba mu fayilo ya doc/APIchanges, pamodzi ndi tsiku komanso nambala ya laibulale imene kunalowera. Ndi fayilo wamba yopanda zokongoletsa, koma ine yandipulumutsa kangapo pofuna kudziwa kuti chinthu chakuti chinayamba liti. Pulojekiti ya anthu atatu siyingadikire zaka zisanu, komabe ingathe kulonjeza kuti chinthu chidzachenjezedwa kwa veshoni imodzi yathunthu chisanachotsedwe.

Mu Meson, `shared_library()` imalandira `version` ndi `soversion` padera. Ikani soversion kukhala nambala yoima payokha, ndipo muziikweza ABI ikaphwanyika basi, osati chifukwa choti mwasangalala ndi zatsopano zimene mwawonjezera. Musanatulutse veshoni iliyonse, yerekezani laibulale yakale ndi yatsopano pogwiritsa ntchito `abidiff` ya mu libabigail. Chida chimenechi chikanakuuzani nthawi yomweyo kuti malo a mu struct yanu asuntha.

A Mbewe analemba kuti:

A Phiri afotokoza mbali ya ABI mokwanira moti ine sindiwonjezerapo. Ndikufuna kuyankha za nambala yolembedwa m'malo anayi, chifukwa ine ntchito yanga yambiri ndi yokonza maphukusi a mapulogalamu a anthu ena, ndipo ndimakumana nazo pafupipafupi.

Nambala ilembedwe ndi dzanja pamalo amodzi okha, ndipo malo ena onse azitenga kuchokera pamenepo. Kwa inu pamalo pake ndi mu `project()` ya mu meson.build. Header yanu isakhalenso fayilo yolemba pamanja, koma ipangidwe pa nthawi yomanga kudzera mu `configure_file()`, ndipo mawu a `--version` azichokera mu header imeneyo. Mu README chotsanimo nambala, chifukwa palibe amene adzakumbukire kuisintha usiku wotulutsa veshoni, pamene aliyense watopa ndipo akungofuna kumaliza.

Za munthu amene anamanga kuchokera ku nthambi yaikulu, mankhwala ake ndi `git describe`. Mukaika tag, ndiko kuti chizindikiro cha dzina la veshoni, pa commit imene mwatulutsa, lamulo limeneli limapereka mawu onga `v1.4.2-17-g3fa9c21`, kutanthauza kuti khodiyo ili patsogolo pa tag ya v1.4.2 ndi ma commit 17, ndipo zilembo zotsatira g ndi chiyambi cha chizindikiro cha commit yeniyeniyo. Mukawonjezera `--dirty` limanenanso ngati munthuyo anasintha mafayilo ena osawasunga mu Git. Meson ili ndi `vcs_tag()` imene imalowetsa mawu amenewa mu pulogalamu. Tsiku lanu lija silikanatayika, chifukwa dandaulo likanabwera ndi mawu osonyeza kuti si 1.4.2 yeniyeni. FFmpeg imachitanso chimodzimodzi, ndipo mukaona nambala yoyamba ndi chilembo N m'malo mwa 6.1 kapena 7.0, dziwani kuti inamangidwa kuchokera ku nthambi yawo yaikulu. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, `git describe` payokha imaona ma tag okhawo amene anapangidwa ndi uthenga, monga ndi `git tag -a`. Chachiwiri, munthu amene watenga khodi yanu mu fayilo ya tar alibe mbiri ya Git, choncho payenera kukhala nambala yogwerapo, ndipo `vcs_tag()` imabwerera ku nambala ya mu `project()` ikapanda kupeza Git.

Ndikupemphaninso kuti mumasindikiza manambala awiri a FFmpeg mu `--version` yanu, ya pa nthawi yomanga ndi ya pa nthawi yogwira ntchito. Yoyamba ili mu `LIBAVCODEC_VERSION_INT` ndipo yachiwiri imachokera ku `avcodec_version()`. Pa mapulogalamu a mavidiyo, madandaulo ambiri amakhala a laibulale ya pansi osati a khodi yanu, ndipo manambala amenewa amafupikitsa kufunsana.

Tsopano pali chinthu chimene ndikuchipempha ndi mtima wonse: musadzasunthe tag imene mwaitulutsa kale. Ndikudziwa kuti pali chiyeso chokonza 1.4.3 mwakachetechete n'kuikanso tag yomweyo pa commit ina, kuti cholakwikacho chisaoneke. Ife okonza maphukusi timasunga chizindikiro cha SHA-256 cha fayilo imene tinatenga, ndipo fayiloyo ikasintha dzina lili lomwelo timayamba kuopa kuti mwina seva yalowedwa ndi akuba. Kuwonjezera apo, padzakhala anthu awiri amene onse akunena kuti ali ndi 1.4.3 koma khodi yawo ndi yosiyana. Malamulo a Semantic Versioning, amene analembedwa ndi Tom Preston-Werner, amanena momveka kuti zimene zatulutsidwa pansi pa nambala inayake zisasinthidwenso, ndipo pa mfundo imeneyi ngakhale osatsatira malamulowo amagwirizana.

Nambala isabwererenso m'mbuyo, chifukwa zida zoikira maphukusi zimasankha chatsopano poyerekeza manambala. Pa Debian 12 mukafunsa veshoni ya phukusi la ffmpeg mupeza yoyamba ndi `7:5.1`, ndipo ndaonapo anthu akuganiza kuti ali ndi FFmpeg 7. Nambala ya kutsogolo kwa madontho awiriwo imatchedwa epoch, ndipo imaposa zonse zotsatira poyerekeza. Maphukusi a Libav anali ndi 6, choncho pamene Debian inabwerera ku FFmpeg panafunika nambala yoposa pamenepo, ndipo 7 ameneyo sangachokenso. Ngati mudzasintha kawerengedwe kanu, onetsetsani kuti nambala yatsopano ndi yaikulu kuposa yakale.

A Ngozo analemba kuti:

Ine ndikufuna kuikira kumbuyo pang'ono mnzanu amene akunena za chaka ndi mwezi, chifukwa maganizo ake si opanda pake monga mmene angamvekere pambuyo pa mayankho awiriwa. Mwa mapulogalamu osinthira mavidiyo, Shotcut imalemba veshoni yake ndi chaka, mwezi ndi tsiku, ndipo Kdenlive imatsatira kalendala ya KDE, gulu limene limaipanga, moti 23.08 ndi ya mu Ogasiti 2023. Kwa munthu wojambula mavidiyo amene sadziwa kuti ABI n'chiyani, nambala yotere imamuuza chinthu chimene akuchifunadi, chakuti pulogalamu yake yakalamba bwanji. Munthu akandilembera kuti ali ndi veshoni ya zaka zitatu zapitazo, sindifunika kutsegula mbiri kuti ndidziwe chomuuza. Imachotsanso mkangano wosatha woti kodi kusintha uku n'kwakukulu kapena kwapakati.

Komabe ndivomereze kuti zitsanzo ziwirizi ndi mapulogalamu a mabatani, ndipo MLT, laibulale imene onse awiri amaimirapo, ili ndi manambala a zigawo zitatu amene nambala yake yoyamba imasintha pokhapokha mgwirizano ukasintha. Choncho ngati mutenga kalendala, itengeni pa kachida ka pa terminal ndi dzina la chotulutsa chonse, koma soversion ikhale yosakhudzidwa ndi kalendala, monga a Phiri anenera.

Pali njira zinanso zimene zakhalitsa m'dera lomweli la mavidiyo. Pulojekiti ya x264 situlutsa maveshoni a mtundu umene tazolowera; ili ndi nambala imodzi yotchedwa X264_BUILD mu fayilo ya x264.h, imene imakwera API ikasintha ndipo ndi yomweyo imene imaoneka m'dzina longa libx264.so.164. GStreamer inafika pa 1.0 mu 2012 ndipo yasunga lonjezo la API ndi ABI pa mndandanda wonse wa 1.x, nambala yapakati yogawika ndi 2 monga 1.22 ndi 1.24 ikusonyeza veshoni yokhazikika, pamene inayo ikusonyeza yoyeserera. HandBrake inakhala pansi pa 1.0 kwa zaka 13 mpaka mu Disembala 2016, ngakhale kuti anthu ochuluka ankaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Njira zonsezi zinayenda chifukwa eni ake anafotokoza tanthauzo la nambala yawo ndipo sanalisinthe pakati pa ulendo.

Pamene ndikusiyana ndi a Phiri ndi pa kutengera FFmpeg mwathunthu. Iwo ali ndi malaibulale angapo amene lililonse lili ndi nambala yake, ndipo ali ndi anthu okwanira kusamalira nthambi zingapo zakale nthawi imodzi. Inu mulipo atatu. Nthambi iliyonse yakale imene mwalonjeza kuisamalira ndi katundu amene adzakulemerani chaka chamawa.

Nabanda analemba kuti:

Zikomo kwambiri bambo Phiri, bambo Mbewe ndi bambo Ngozo chifukwa chotenga nthawi yanu. Usiku wathawu ndinayendetsa `abidiff` pa 1.4.2 ndi 1.4.3, ndipo inandionetsa malo asanu ndi limodzi amene anasuntha ndi mabayiti anayi aliwonse, kuphatikizapo m'lifupi ndi m'litali muja. Bambo Mbewe, munanena zoona, chifukwa maganizo osuntha tag ndinali nawo ndipo ndawasiya. Header tsopano ikupangidwa kuchokera ku meson.build.

Pakadali mafunso awiri amene sindinamve yankho lake. Kodi ndichite chiyani ndi 1.4.3 imene ili kale m'makina a anthu, ndikweze soversion tsopano kapena ndibweze struct mmene inalili? Ndipo kodi kusiya FFmpeg 4.4 kukutikakamiza kupita pa 2.0, pamene mafankishoni athu enieniwo sakusintha?

A Phiri analemba kuti:

Mayi Nabanda, pa funso loyamba ndinganene kuti bwezani struct, ndipo mutulutse 1.4.4 mwamsanga. Anthu ambiri amene amadalira laibulale yanu anamanga mapulogalamu awo ndi 1.4.2 kapena ya m'mbuyo mwake, ndipo iwowa ndi amene munawalonjeza. Chokonza cha mawu otsalira chija chisungeni, koma chosankha chatsopanocho chidutse mu fankishoni yatsopano m'malo molowa mu struct. Kunena mosamalitsa, kuwonjezera fankishoni kukanayenera kukweza nambala yapakati kukhala 1.5.0, choncho ngati mukufuna kuti 1.4.4 ikhale yokonza yokhayokha, bisani chosankhacho m'kati mwa laibulale kwa tsopano ndipo mudzachionetse mu 1.5.0. M'mawu otsagana ndi 1.4.4 lembani mosabisa kuti 1.4.3 inaphwanya ABI, kuti isagwiritsidwenso ntchito, komanso kuti aliyense amene anamanga pulogalamu yake ndi header ya 1.4.3 aimangenso, chifukwa kwa iyeyo kubweza kumeneku n'kuphwanyanso kwina. Mnzanu wa pulogalamu ya mabatani uja mulembereni payekha asanaone chilengezocho.

Funso lachiwiri lili ndi yankho lodalira chinthu chimodzi chimene mungachione m'mphindi zochepa. Tsegulani header imene mumapereka kwa anthu ndipo muone ngati muli mtundu uliwonse wa FFmpeg, monga AVFrame kapena AVCodecContext, kapena ngati ikuitana header ya libavcodec. Ngati zilimo, ndiye kuti ABI ya FFmpeg yakhala mbali ya ABI yanu, ndipo laibulale yanu yomangidwa ndi libavcodec 58 si yofanana ndi yomangidwa ndi 61 ngakhale khodi yanu isasinthe. Pamenepo ntchito yoyamba ndi kuchotsa mitundu imeneyo mu header, ndipo kuchotsako ndi kumene kuli koyenera 2.0 pamodzi ndi soversion yatsopano. Ngati mulibe, kusiya 4.4 sikuphwanya pulogalamu ya munthu aliyense yomangidwa kale, ndipo mapulojekiti ambiri amakweza nambala yapakati pa kusintha kotere, bola alengeze pasadakhale.

Komabe sindikuona chifukwa chosiyira 4.4 chaka chino ngati anthu anu ali pa Ubuntu 22.04. Njira yatsopano ya AVChannelLayout inayamba kupezeka mu FFmpeg 5.1, imene libavutil yake ndi 57.28.100, ndipo yakale inachotsedwa mu 7.0. Mungathe kusonkhanitsa khodi yonse yokhudza matchanelo a mawu mu fayilo imodzi yaing'ono, n'kuigawa pawiri poyerekeza `LIBAVUTIL_VERSION_INT` ndi `AV_VERSION_INT(57, 28, 100)`, kuti mbali ina imangidwe pa FFmpeg yakale ndipo ina pa yatsopano. Yerekezani ndi nambala ya laibulale, osati ndi 5.1 kapena 7.0, chifukwa omanga kuchokera ku nthambi yaikulu ya FFmpeg alibe nambala yotero. Kenako konzani kuti makina anu oyesera azimanga khodi pa Ubuntu 22.04 imene ili ndi 4.4, pa Debian 12 imene ili ndi 5.1, pa Ubuntu 24.04 imene ili ndi 6.1, ndiponso pa makina amodzi okhala ndi 7, ndipo mu README mulembe kuti FFmpeg yakale kwambiri imene mumaiyesa ndi iti.

Pa mfundo ya a Ngozo yokhudza nthambi zakale ndikugwirizana nawo, ndipo ndikanayenera kuinena ndekha poyamba paja. Mukadzatulutsa 2.0, sungani nthambi imodzi yokha ya 1.x, muziikamo zokonza za chitetezo ndi za kutsekeka kwa pulogalamu basi, ndipo mulengeze mwezi umene mudzaitseke pa tsiku lomwelo limene 2.0 idzatuluke.